Anaifufuza panyanja pamene inali m'chipululu: nkhani ya ndege ya Lady Be Good, Libya, 1943 mpaka 1960

Nkhani iyi ndi ya ndege imodzi ya nkhondo ya dziko la America ndi amuna 9 amene anali m'menemo. Inasowa usiku wa pa 4 Epulo 1943, ndipo inadzaoneka patatha zaka 15, makilomita pafupifupi 700 kuchokera pa bwalo limene inkayenera kutera, kumbali imene palibe anaganizako zokayang'ana. Ndikuilembera anzanga a ntchito yofufuza ndi kupulumutsa, olondolera ndege pa wailesi ndiponso ophunzitsa oyendetsa ndege. Mwa nkhani zonse zakale zimene timaphunzirapo, iyi ndi imene imaonetsa poyera mmene ganizo limodzi losayesedwa limadumphira kuchokera kwa munthu uyu kupita kwa uyo, mpaka onse kuyamba kulitenga ngati chinthu chodziwika kale. Anthu a m'ndegemo ndiwatchula ndi ntchito zawo, mayina ayi.

Mmene zinthu zinalili

Kumayambiriro kwa 1943 asilikali a Germany ndi Italy anali atathamangitsidwa ku Egypt ndi ku Libya, ndipo anali atapanikizidwa ku Tunisia. Chakudya chawo, mafuta ndi zipolopolo zinkaoloka nyanja ya Mediterranean kuchokera m'madoko a ku Italy, ndipo doko la Naples linali limodzi mwa ofunika kwambiri. N'chifukwa chake mabomba ankagwa pa Naples mobwerezabwereza. Sankagwera sitima zokha. Nyumba za anthu wamba zoyandikana ndi doko zinagumuka, ndipo anthu ambirimbiri amene sanagwirepo mfuti anafera m'menemo. Ndayamba ndi zimenezi kuti ntchito imene anyamatawa anatumidwa isabisike, ngakhale kuti iwo eni sanagwetse bomba ndi limodzi lomwe pa mzindawo.

Gulu lawo, la 376th Bomb Group, linkanyamukira pa bwalo la Soluch ku Libya, kummwera kwa mzinda wa Benghazi. Anthu ankagona m'matenti, ndipo mchenga unkalowa paliponse: m'chakudya, m'mabulangete, m'injini. Ndege zawo zinali za mtundu wa B-24 Liberator, za injini 4, zotha ulendo wautali. M'kati mwake munalibe chilichonse chosangalatsa. Ikakwera m'mwamba kuposa mamita 7,000, munkazizira mpaka zala kuuma, aliyense ankapuma kudzera m'chophimba pakamwa cholumikizidwa ku botolo la mpweya, ndipo phokoso la injini silinkalola kulankhulana popanda zomvera m'makutu. Kuchoka ku Soluch kukafika ku Naples ndi makilomita pafupifupi 1,100, pafupifupi onsewo pamwamba pa madzi. Maulendo ankakonzedwa kuti ndege zifike pa mzindawo dzuwa likulowa n'kubwerera mumdima, kuti ndege za adani zilephere kuzitsatira. Mdima womwewo ndi umene unkasiya wolondolera njira ali yekha ndi wotchi yake, kampasi ndi mapu.

Amuna 9 a mu Lady Be Good anafika ku Libya m'mwezi wa Malichi 1943. Onse anali asanakwanitse zaka 30: woyendetsa wamkulu, wachiwiri wake, wolondolera njira, woponya mabomba, injiniya, wa wailesi ndi owombera mfuti atatu. Ulendo wa pa 4 Epulo unali woyamba kwa iwo kulowa m'nkhondo.

Usiku wa pa 4 Epulo

Ndege 25 zinayenera kunyamuka masana a tsikulo m'magulu awiri. Kunali mkuntho wa mchenga, ndipo ndege zambiri za gulu lachiwiri zinabwerera panjira injini zitameza mchenga. Lady Be Good inanyamuka m'gulu la kumapeto. Pofika kufupi ndi Naples kunali kutada, malo oponyapo mabomba sankaoneka, ndipo inatembenuka. Mabomba anatayidwa m'nyanja kuti ndege ipepuke ndi kusunga mafuta. Kuyambira apo inali yokha.

Chinthu choyamba chimene chinatembenuza nkhani ndi mphepo. Pobwerera, mphepo inkawakankha kumbuyo mwamphamvu kuposa mmene anayembekezera, choncho anafika pagombe la Libya msanga kuposa mmene mawerengero awo ankanenera. Wolondolera njira wodziwa bwino ntchito amasintha mawerengero ake ola lililonse, koma kuti atero amafunika chinthu choyerekezera nacho: gombe looneka, nyenyezi, kapena wailesi. Usiku, munthu akayang'ana pansi ali m'mwamba chotero, nyanja ndi chipululu zimaoneka chimodzimodzi. Kulibe nyale ya mudzi, kulibe msewu, ndi mdima wokhawokha.

Cha pakati pa usiku anthu a pa bwalo la Soluch anamva kulira kwa injini za ndege ikudutsa pamwamba. Anawombera m'mwamba zowala zija zosonyeza pamene pali bwalo, koma a m'ndegemo sanazione, ndipo phokosolo linapitirira mpaka kuzimirira.

Nthawi itangopitirira 12 koloko ndi mphindi 12, woyendetsa wamkulu analankhula pa wailesi. Anati chipangizo chawo chosonyeza mbali imene kuli siteshoni sichikugwira ntchito, ndipo anapempha kuti amuuze kumene ali. Siteshoni ya ku Benina, pafupi ndi Benghazi, inayesa mawu akewo n'kupeza madigiri 330. Apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa palibe amene ananama ndipo chipangizo cha pa siteshoni sichinawonongeke.

Eriyo yozungulira ngati mkombero, imene masiteshoni a nthawi imeneyo ankagwiritsa ntchito, amaitembenuza pang'onopang'ono mpaka mawu atatsala pang'ono kuzimiratu. Pamene azimirapo ndi pamene pali mzere wolunjika kwa wolankhulayo. Vuto lake n'lakuti mawu amazima pa malo awiri otsutsana, osiyana ndi madigiri 180. Zili ngati munthu woima pa njanji usiku n'kumva chitsulo chikunjenjemera kumapazi: akudziwa kuti sitima ili pa njanji yomweyi, koma sakudziwa ngati ili kutsogolo kwake kapena kumbuyo. Madigiri 330 kuchokera ku Benina amaloza kumpoto chakumadzulo, kunyanja, ku Naples. Mzere womwewo mbali inayo ndi madigiri 150, kummwera chakummawa, m'kati mwa chipululu. Aliyense ankadziwa kuti ndegeyo ikuchokera ku Naples, choncho yankho la 330 linagwirizana ndi zimene onse ankayembekezera. Ofufuza ambiri amene anadzaunika nkhaniyi amakhulupirira kuti pa nthawiyo ndegeyo inali itadutsa kale bwalo. Kwa woyendetsa, yankholo linatanthauza chinthu chimodzi: uli panjira yoyenera, pitiriza. Ndipo anapitiriza kwa maola pafupifupi awiri.

Panali njira zothetsera chikayikocho, ndipo zonse zinali zodziwika kale mu 1943. Siteshoni yachiwiri ili kutali ikayesanso mawu omwewo, mizere iwiriyo imadutsana pa malo amodzi okha. Ngati siteshoni ndi imodzi, umapempha woyendetsa kuti akhote madigiri 90, auluke mphindi zingapo, alankhulenso. Mmene nambala yasinthira, kukwera kapena kutsika, zimakuuza mbali imene ali. M'ndegemo, wolondolera njira akayesa kutalika kwa nyenyezi ya kumpoto pamwamba pa chizimezime amadziwa mmene wayendera kummwera. Pa Soluch nyenyeziyo imakhala pa madigiri pafupifupi 31 ndi theka. Pamene ndegeyo inakagwera ndi pa madigiri osakwana 27. Kusiyana kotero sikungabisike ngakhale kwa munthu woyamba kumene. Koma njira zonsezi zimayamba ndi munthu mmodzi wokayika. Usiku umenewo panalibe wokayika, chifukwa yankho linali litabwera ndipo linali lokoma kumva.

Chimene chimandipweteka kwambiri pa gawo ili n'chakuti zidutswa ziwiri za umboni zinalipo pansi, pa mtunda wosatalikirana kwenikweni, koma sizinakumane. Ena anamva injini zikudutsa pamwamba pa bwalo. Ena analandira pempho la pa wailesi. Munthu mmodzi akanakhala nazo zonse ziwiri patebulo lake, akanadzifunsa kuti ndege imene yadutsa ija ndi iti, popeza zina zonse zatera.

Cha m'ma 2 koloko usiku mafuta anali kutha. Injini zitatu zinazimitsidwa, inatsala imodzi. Woyendetsa analamula kuti onse adumphe ndi maparachuti. Anavala majekete oyandamitsa pamadzi, umboni woonekeratu wa kumene ankaganiza kuti ali. Ganizo lodumpha linali lomveka: kuteretsa B-24 pamadzi usiku kunkadziwika kuti n'koopsa, chifukwa ndege za mtunduwu zinkathyoka ndi kumira msanga. Ndegeyo, yopanda munthu, inapitiriza kuuluka makilomita ena pafupifupi 26 kulowera kummwera, n'kutsetsereka pamimba pa chigwa cha miyala ing'onoing'ono.

Kufufuza koyamba

Ndege zofufuza zinatumizidwa, ndipo maso awo anali kunyanja ndi m'mbali mwa gombe, motsatira mzere wa 330 uja. Sizinapeze kanthu. Kusapeza kanthu panyanja sikudabwitsa aliyense, chifukwa ndege yomira siisiya chizindikiro, motero kulephera kwa kufufuzako kunangolimbitsa ganizo lomwe lija. Nkhondo inali m'kati, ndege zina zinkasowa sabata iliyonse, ndipo miyezi inayi pambuyo pake gulu lomweli linali m'gulu la ndege zimene zinapita kukaphulitsa malo oyengera mafuta ku Ploesti m'dziko la Romania, kumene ndege zoposa 50 zinatayika tsiku limodzi. Amuna 9 aja analembedwa kuti asowa, ndipo patatha chaka analengezedwa kuti anamwalira. Mabanja awo anatsala ndi chithunzi cha ndege yomira m'nyanja ya Mediterranean.

Sindikuweruza ofufuza a 1943 ndi zida zathu za lero. Koma mfundo imene tsopano ili m'mabuku athu onse inkatheka ngakhale ndi pensulo yokha. Umatenga malo omaliza otsimikizika, umawerenga mafuta otsala ndi liwiro la ndege, n'kujambula mkombero wathunthu. Ndegeyo ikhoza kukhala paliponse m'kati mwake. Kenako umagawa mkomberowo malinga ndi kumene kukuoneka kuti n'kothekera kwambiri, koma sufufuta theka lake chifukwa choti nkhani imene uli nayo m'mutu siikukhudzako. Pa nkhaniyi malo omaliza otsimikizika sanali malo konse. Unali mzere wa mbali ziwiri, ndipo ofufuza anatenga mbali imodzi.

Masiku 8 pansi

Zimene zinachitika pansi tikuzidziwa chifukwa wachiwiri kwa woyendetsa ankalemba mizere yochepa tsiku lililonse m'kabuku ka m'thumba, kuyambira pa 5 mpaka pa 12 Epulo. Injiniya nayenso anali ndi kabuku kake.

Atatera pa nthaka youma m'malo mwa madzi, anaitanizana mumdima ndi mfuti zazing'ono ndi zowala. Anakumana 8. Woponya mabomba sanaoneke, ndipo anzakewo sanadziwe konse chimene chinamuchitikira. Madzi onse amene anali nawo anali theka la botolo limodzi la msilikali. Anagwirizana kuti aliyense azimwa odzaza chivindikiro cha botololo patsiku.

Apa panali chisankho china, ndipo chinachokeranso pa muzu womwewo. Anavomereza kuti apitirira gombe, koma ankaganiza kuti apitirira pang'ono, moti akayenda kulowera kumpoto chakumadzulo afika kunyanja kapena ndege zofufuza ziwaona. Sankadziwa kuti gombe linali makilomita oposa 600. Ndege yawo inali kumbuyo kwawo, ulendo wa usiku umodzi kapena awiri, ili ndi madzi, chakudya, mthunzi wa mapiko ndi wailesi yamoyo. N'zosavuta kunena zimenezi lero. Iwo anadumpha mumdima, sanaone kumene ndegeyo inagwera, ndipo munthu aliyense wanzeru akanayembekezera kuti yaphwanyika ndi kupsa. Komabe ankadziwa mbali imene inalowera, ndiponso kuti inatsala ndi injini imodzi ndi mafuta ochepa, choncho sikanapita patali. Kutuma anthu awiri mbali imeneyo usiku woyamba, mphamvu zikadalipo, n'kumene ine ndikanakonda kuti kuganiziridwe.

Anayenda makamaka usiku ndi m'mawa, masana akubisala pansi pa nsalu za maparachuti. Masana kunkatentha koopsa, usiku kunkazizira moti sankagona. Anapeza mikwingwirima ya matayala a magalimoto ankhondo amene anadutsa kalekale, yolowera mbali imene iwo ankafuna, ndipo anaitsatira. Chinthu chimodzi anachichita bwino kwambiri, ndipo ndimafuna wophunzira aliyense achione: ankasiya zizindikiro. Nsapato zokhuthala za m'ndege zoikidwa mosongoka ngati muvi. Zidutswa za parachuti zoyalidwa pansi ngati muvi, zotsinjikizidwa ndi miyala kuti mphepo isazitenge. Majekete oyandamitsa aja, amene tsopano analibe ntchito ina. Zonse zinkaloza kumene akupita, ndipo zinakhala pamalo pake zaka 16.

Dzuwa ndi mchenga wouluka zinawononga maso awo, ena mpaka kusiya kuona, ndipo ankayenda motsogoleredwa ndi anzawo. Pa tsiku lachisanu, atayenda makilomita pafupifupi 130, asanu sanathenso kupitiriza. Atatu amene anali ndi mphamvu pang'ono anapitiriza kukafuna thandizo, n'kulowa m'milu ya mchenga ya Calanscio, kumene phazi limamira pa sitepe iliyonse. Mizere yomaliza ya m'kabuku ikunena za mapemphero, kuzizira kwa usiku, ndi thandizo limene silinabwere.

Chizindikiro choyamba, 1958

M'zaka za m'ma 1950 makampani ofufuza mafuta anayamba kuyendayenda m'chipululu cha Libya. Mu 1958 anthu ogwira ntchito ya kampani ya ku Britain ya D'Arcy, imene inali nthambi ya BP, anaona ndegeyo ali m'mwamba. Uthenga unafika ku bwalo la asilikali a America la Wheelus, pafupi ndi Tripoli, koma sunatsatidwe, popeza m'mabuku munalibe ndege ya America imene inasowera dera limenelo. Ganizo la 1943 linali likugwirabe ntchito: ndegeyo inalembedwa kuti ili m'nyanja, ndiye sikanapezeka pa mndandanda wa za m'chipululu. Kuwonjezera apo, kumpoto kwa Africa kunali kodzaza ndi zotsalira za nkhondo, ndipo bwinja lina la ndege silinali nkhani. Malowo anangolembedwa pa mapu ngati chizindikiro cholondolera apaulendo.

Pa 27 Febuluwale 1959 akatswiri a miyala ndi oyeza malo a kampani yomweyo anafika pamalopo pa galimoto. Anapeza ndege yothyoka pawiri koma yosungika modabwitsa chifukwa cha kuuma kwa mpweya. Mfuti zinali ndi zipolopolo zake. Munali chakudya ndi madzi. Munalibe mtembo ngakhale umodzi, ndipo munalibe maparachuti. Iwo anachita chinthu chaching'ono chimene chinatsegula nkhani yonse: analemba nambala ya ndegeyo ndi mayina amene anawaona pa zovala ndi katundu, n'kutumiza kalata. Asilikali a America anafika kumapeto kwa Meyi 1959, ndipo atayesa wailesi ya m'ndegemo anapeza kuti ikugwirabe ntchito.

Kufufuza kwachiwiri ndi malire ake

Kusowa kwa maparachuti kunasonyeza kuti anthuwo anadumpha ndege isanagwe, ndiye kuti anatera kumbuyo, m'njira imene ndegeyo inadzera. Ofufuza a gulu la asilikali a America losamalira mitembo, ochokera ku malo awo a ku Germany, analondola kumpoto ndipo anapeza muvi woyamba wa nsapato, kenako mivi ina ya nsalu. Anafufuza pa magalimoto ndi pa ndege kuyambira Meyi mpaka kumapeto kwa Ogasiti 1959, m'nyengo yotentha kwambiri, koma sanapeze munthu. Anatseka ntchitoyo poganiza kuti milu ya mchenga inakwirira mitemboyo.

Pano panalinso ganizo lina lolowa mwakachetechete. Akatswiri a nthawiyo ankawerengera kuti munthu wopanda madzi m'chipululu chotere sangapitirire masiku awiri kapena atatu, ndipo sangayende kuposa makilomita 40 kapena 50. Amuna awa anakhala ndi moyo masiku 8 ndipo anayenda kuwirikiza katatu mtunda umenewo. Ziwerengero za m'mabuku zonena za mtunda umene munthu wosowa amayenda n'zothandiza, ndipo ine ndimazigwiritsa ntchito, koma zimanena za munthu wapakati. Anyamata athanzi, oyenda m'gulu, odzisunga pa kamwedwe, okhulupirira kuti chipulumutso chili patsogolo pang'ono, amatha kuswa ziwerengerozo. Zomwezo n'zimene zimatichitikira tikamayesa kudziwa nthawi yosiyira kufufuza amoyo. Mu 1943, pa tsiku lachisanu ndi chiwiri, anthuwa anali akupumabe.

Mu Febuluwale 1960 ogwira ntchito ya mafuta, ali pa ntchito yawo, anapeza mitembo isanu ili pamodzi, pafupi ndi nsalu za maparachuti, botolo lamadzi lopanda kanthu ndi kabuku kaja. Kabukuko kanauza ofufuza zinthu ziwiri zimene sakanazidziwa mwanjira ina: kuti atatu anapitirira, ndiponso kuti woponya mabomba sanakumane ndi anzake kuyambira pachiyambi. Asilikali anayambanso kufufuza mu Meyi 1960 ndi mahelikopita. M'mwezi womwewo anapezeka awiri mwa atatu aja, aliyense payekha m'milu ya mchenga, makilomita oposa 30 kupitirira pamene panali asanu aja. Mmodzi anamupeza a mafuta, winayo helikopita ya asilikali. Mu Ogasiti 1960 a mafuta anapezanso woponya mabomba, osati kutali ndi kumene anzake anatera, ali m'zovala zake zonse za m'ndege ndi parachuti imene sinatseguke bwino. Anafa usiku womwewo wodumpha.

Onani amene anapeza anthuwa. Mwa 8 amene anapezeka, 7 anapezedwa ndi anthu amene sanatumidwe kukafufuza, koma ankadutsa m'deralo tsiku ndi tsiku pa ntchito ina. Ndegeyo nayonso anaipeza ndi iwowo. Ife timakonda kudalira zida zathu ndi magulu athu, ndipo uthenga wochokera kwa mlenje, msodzi, woyendetsa lole kapena woweta ziweto timaulandira mwaulemu n'kuuika pambali ngati sukugwirizana ndi mapu athu. Uthenga wa 1958 unachedwa miyezi yambiri pa chifukwa chomwechi. Panthawiyo sukanapulumutsa munthu, koma makolo ena a anyamatawa anali okalamba, akudikirabe.

Zimene zasintha ndi zimene sizinasinthe

Lero ndege zimanyamula kachipangizo kamene kamalira kokha pa wailesi ikagwa, pa 406 MHz, ndipo masetilaiti a Cospas-Sarsat amakamva n'kuuza malo oyang'anira. Pali GPS, pali radar, ndipo masiteshoni oyesa mawu anathetsa kalekale vuto la mbali ziwiri. Wina akhoza kunena kuti nkhani ya 1943 singachitikenso. Koma kachipangizo kaja kamatha kukhala ndi batire lakufa, eriyo yake imathyoka ndege ikagwa, ndipo madera ambiri a mu Africa alibe radar yoona ndege zouluka chapansi. Zikatero timabwerera pa tebulo lomwe lija: mawu omaliza a pa wailesi, mafuta otsala, ndi anthu a pansi onena kuti anamva ndege ikudutsa.

Pa tebulo limenelo ndimapempha zinthu zochepa. Pa bolodi pakhale mbali ziwiri, imodzi ya zimene zatsimikizika, ina ya zimene tikuganiza, ndipo chinthu chisasamuke kuchoka mbali yachiwiri kupita yoyamba chifukwa chongobwerezedwa kambiri. Pakhale munthu mmodzi, ngakhale wamng'ono pa udindo, amene wapatsidwa ntchito yofunsa kuti ngati ndegeyo inapitirira, kapena inatembenuka, ingakhale kuti, ndipo wamkulu amuyankhe ndi umboni. Mauthenga onse, a pa wailesi, a pafoni ndi a anthu a m'midzi, azifika pa malo amodzi ndi nthawi yake yolembedwa, chifukwa kulira kwa injini kwa pakati pa usiku ndi pempho la 12:12 zimangolankhula zikaikidwa moyandikana. Ndipo tsiku loyamba likatha osapeza kanthu, tisangowonjezera ndege pa dera lomwelo. Tibwerere ku chiyambi n'kuona ngati dera lenilenilo tinalisankha bwino.

Kwa ophunzitsa oyendetsa ndege, phunziro lili pa wotchi. Nthawi yoyembekezera kufika ikakwana ndipo bwalo silikuoneka, mphindi iliyonse yopitirira iyenera kukulitsa chikayiko. Ndi bwino kugwirizana musananyamuke kuti mukapitirira ndi mphindi zakutizakuti mudzasiya kulunjika kutsogolo, mudzazungulira, mudzafunsanso, mudzanena poyera pa wailesi kuti simukudziwa pamene muli. Woyendetsa watsopano amachita manyazi kunena mawu amenewo, makamaka pa ulendo woyamba, pamaso pa anzake amene akumudalira. Ndi ntchito yathu kumuzoloweza kuwanena akadali pa maphunziro, mpaka aziwatulutsa mosavuta.

Mitembo 8 inatumizidwa ku America ndipo mabanja anaika maliro awo mu 1960. Zida zina za ndegeyo, pamodzi ndi zenera la magalasi amitundumitundu limene asilikali a ku Wheelus anaika m'tchalitchi chawo pokumbukira anthuwa, zili ku nyumba yosungirako zakale ya asilikali a m'mlengalenga ku Dayton, Ohio. Bwinja lenilenilo linakhala m'chipululu, alendo akuthyolako zidutswa, mpaka mu 1994 pamene boma la Libya linalinyamula kupita nalo ku Tobruk. Wowombera mfuti mmodzi, wachitatu mwa amene anapitirira kukafuna thandizo, sanapezeke. Mu 1953 asilikali a Britain oyendera chipululu anapeza mafupa a munthu m'dera lomwelo n'kuwakwirira pomwepo, osadziwa kuti kunasowerako anthu a ku America, ndipo ena amaganiza kuti anali iyeyo, koma palibe amene anatha kutsimikiza.